Apongozi anga ndi ubatizo wa mumgolo

Apongozi anga aamuna sankadya Mgonero. Pamene ndinkabwera pamudzi pawo, nditatengedwa chitengwa, ndinapeza zili choncho ndipo palibe ankazikamba. Kutchalitchi sankajomba. Ankaimba besi, ankaponda nawo dothi la njerwa, pamaliro ankakhala oyamba kufika ndi khasu. Koma tsiku la Mgonero, mkulu wa mpingo akalengeza kuti osabatizidwa ayambe atuluka, iwo ankanyamuka pabenchi lakumbuyo, chipewa kumanja, n'kukakhala pansi pa mikungudza pamodzi ndi ana.

Ine ndinkaganiza kuti pali mlandu wakale, kaya wa mowa kaya wa mitala. Nditafunsa amuna anga, anandiuza mwachidule kuti bambo awo amati anabatizidwa ku Joni ali kumigodi, koma mpingo wakuno suudziwa ubatizo umenewo. Anaonjezera kuti ndisazilowerere, nkhaniyo ndi yakale kuposa ukwati wathu.

Zinthu zinasintha apongozi aakazi, amene ndinkangowatchula kuti amayi, atagwidwa ndi matenda opha ziwalo. Anagwa akupalira mbatata ya kachewere kudimba, ndipo atabwera kuchipatala, mwendo ndi mkono wakumanja zinali zitasiya kugwira ntchito. Kutchalitchi sakanathanso kufika. Choncho abusa ndi mkulu wa mpingo mmodzi anayamba kuwabweretsera Mgonero kunyumba.

Ulendo woyamba ndinalipo, chifukwa ndine ndinawasambitsa amayi n'kuwakhazika pamphasa pakhonde. Apongozi anakhala pambali pawo kuwachirikiza msana kuti asagwe. Abusa anapemphera, mkulu uja anatenga kambale ka mkate n'kupatsa amayi. Apongozi, kaya anaiwala kaya anachitira dala, anatambasula dzanja. Mkulu uja anazengereza pang'ono, kenako anakadutsitsa kambale kaja pamwamba pa dzanjalo n'kundipatsa ine. Ndinalandira. Dzanja lija linakhalabe chitambasulire kwa kanthawi, kenako linabwerera kumsana kwa amayi.

Pa nthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa kalasi ya ofuna kubatizidwa. Sikuti ndinali wodziwa kwambiri. Bambo amene ankaphunzitsa kale maso anali atawavuta, ndipo ine ndinkawerenga mosadodoma, basi anangondipatsa buku la mafunso ndi mayankho. Tinkakumana Loweruka masana m'tchalitchi momwemo. Ambiri anali atsikana ndi anyamata asukulu, kuphatikizapo amayi angapo okwatiwa kuchokera kumipingo ina.

Loweruka lotsatira Mgonero uja, nditangotsegula buku, ndinaona apongozi akulowa. Anavula chipewa, nakhala kumapeto kwa benchi la anyamata.

Kwathu kuno mpongozi sumuyang'ana kumaso. Ndikafuna kuwapatsa madzi ndinkagwada chapatali, ndipo zambiri tinkauzana kudzera mwa ana. Tsono apa ndinali chiimire kutsogolo, iwo ali pansi, ndipo ndinayenera kuwafunsa mafunso n'kuwakonza akalakwitsa. Ndinangopezeka ndakhala pansi pasimenti, buku pamiyendo. Ana anayamba kuseka.

"Imirirani mayi," anatero apongozi. "Muno si kwathu. Muno ndinu aphunzitsi."

Ndinaimirira, koma tsiku lonselo ndinaphunzitsa ndikuyang'ana pawindo.

Sanali wophunzira wophweka. Khutu limodzi linali logontha chifukwa cha phokoso la kumgodi, ndipo kuloweza kunkawavuta. Ankasokoneza mayankho, funso la malamulo n'kuyankha za pemphero. Nthawi zina ankaodzera. Akalakwitsa ndinkasowa ponena kuti mwalakwa, ndiye ndinkangouza kalasi yonse kuti tibwereze limodzi. Ana anazindikira msanga, moti ndikangoti tibwereze, onse ankacheukira kumapeto kwa benchi.

Titafika pa phunziro la mpingo m'pamene mavuto anga anayambira. Buku linkati mpingo ndi anthu onse amene Mulungu wawaitana, okhulupirira Khristu, ndipo ulipo kuti uzipembedza Mulungu, uziphunzitsa Mawu, anthu ake azisamalirana, ndiponso uziitana ena. Ndinawerenga, ana anabwereza. Apongozi anakweza dzanja monga ankachitira anawo, n'kunena kuti zonsezo iwo ankachita ku Joni.

Anafotokoza pomwepo. Anapita kumigodi ali mnyamata, asanalowe kalasi iliyonse. Chaka chawo choyamba mwala unagumuka pansi n'kupha anthu amene ankagwira nawo ntchito, mmodzi wa iwo wogona naye chipinda chimodzi. Mantha ankawagwira akamalowa m'chikepe chotsikira pansi. M'komboni mwawo munali bambo wina wa ku Mozambiki, wophika, amene Lamulungu lililonse ankasonkhanitsa anthu kuseri kwa nyumba yochapira. Ankabwera a mitundu yosiyanasiyana, aliyense n'kumapemphera m'chinenero chakwawo. Wina akavulala ankapita kukamuona, wina akafa ankamuimbira n'kutumiza katundu wake kwawo. Wophika uja anali ndi Baibulo lothothoka, ankawerenga n'kumamasulira m'chilankhulo chosakaniza cha kumgodi. Tsiku lina anawafunsa apongozi ngati akukhulupirira, iwo anavomera, ndipo anawagwaditsa mumgolo wodula pakati umene ankachapiramo maovolosi, n'kuwathira madzi pamutu. Atatha anagawana buledi wa pa chakudya chawo n'kumwera maheu m'chikho chimodzi.

Mtsikana wina anafunsa dzina la mpingowo. Apongozi anaganiza kaye, kenako anati unalibe dzina, ankangouzana kuti tiyeni kuseri.

Atabwerera kumudzi, akulu a mpingo a nthawi imeneyo anawauza kuti zimenezo si ubatizo, alowe kalasi ayambirenso. Iwo anapsa mtima nakana, ati munthu si nsalu yoti uichape kawiri. Ndipo anakhala choncho mpaka imvi.

"Tsono mayi," anandifunsa, "pa zimene mwawerengazi, ife chinatisowa n'chiyani?"

Ndinayang'ana m'buku ngati kuti yankho lituluka. Ndinangoti ndikafunsa abusa.

Abusa athu a nthawiyo anali achikulire, odekha, olankhula pang'onopang'ono. Anandilandira pakhonde la nyumba yawo nandimvetsera mpaka kumapeto. Anati nkhaniyo akuidziwa. Kenako anandifotokozera kuti mpingo si gulu lililonse la anthu opemphera. Ndi nyumba yomangidwa pa maziko amene atumwi anayala, ndipo kuyambira pachiyambi munkakhala anthu osankhidwa ndi kusanjikidwa manja kuti atumikire. Ubatizo ndi khomo la nyumbayo. Wotsegula khomo ayenera kukhala amene eni nyumba amutuma. Wophika uja mwina anali munthu wabwino, koma anamutuma ndani? Aliyense akamabatiza mnzake kuseri kwa nyumba, mawa tidzadziwa bwanji nkhosa za khola lino? Anandiwerengera ndime zingapo, ndipo zonse zinkagwirizana ndi zimene ankanena.

Ndinachoka pamenepo mtima uli m'malo. Koma ndisanafike n'komwe kunyumba, ndinakumbukira mawu a Ambuye akuti ngakhale anthu atakhala awiri kapena atatu, akasonkhana m'dzina lawo iwo amakhalapo. Mawa lake ndinatsegula Baibulo n'kupeza nkhani ya nduna ina yachilendo imene inabatizidwa m'madzi a m'mbali mwa msewu, popanda tchalitchi, popanda kalasi. Ndinati eya, apongozi akunena zoona. Kenako ndinaona kuti amene anaibatiza ndunayo anali munthu wosankhidwa ndi mpingo, ndipo ndinatinso abusa akunena zoona. Ndime iliyonse imene ndinkaitsegula inkandikokera uku, yotsatira n'kundibwezera uko. Amuna anga nditawauza, anati iwo mutu wawo uli pa matumba a kachewere amene ankayenera kukafika nawo kumsika wa ku Lizulu, za Baibulo ndifunse odya za Baibulo.

Loweruka linalo ndinawauza apongozi kuti chimene chinasowa ndi dongosolo. Anabwereza liwulo kangapo chapansipansi, ngati akulilawa. Sanatsutse.

Chinanso chimene chinandisokoneza n'chakuti nkhani yawo sinkakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Tsiku lina ankati madzi anawathira pamutu, tsiku lina ankati anawamiza nkhope. Tsiku linanso anangotulutsa okha mawu akuti wophika uja anali wamkwiyo, ndipo mapeto ake anamenya kapitawo ndi chitsulo n'kuthamangitsidwa, gulu lija n'kubalalika. Ndinadzifunsa ngati mpingo weniweni ungathe chifukwa munthu mmodzi wachotsedwa ntchito. Koma ndinakumbukiranso kuti kwathu komwe kuno ndaonapo matchalitchi a malata atatsekedwa chifukwa cha mkangano wa anthu awiri.

Abusa anandiuza kuti pa mayeso a ubatizo akulu adzafunsa aliyense ngati anabatizidwapo, ndipo apongozi ayenera kuyankha kuti ayi, apo ayi zonse ziima. Ndiye inakhala ntchito yanga kuwakonzekeretsa. Ndikafunsa kalasi funsolo, ana onse ankayankha pamodzi kuti ayi, koma kumapeto kwa benchi kunkakhala zii. Sindinkawakakamiza. Ndinkangobwereza zimene abusa anandiuza, za nyumba ndi khomo, mwina mobwereza kwambiri chifukwa inenso ndinkafuna kuzikhulupirira. Mvula inagwa, tinapalira, chimanga chinacha, funso lija likadali pomwepo. Pa nthawi yonseyi Mgonero unkabwerabe kwa amayi, ndipo apongozi ankati akaona abusa akutulukira, ankandiitana kuti ndidzawagwire amayi msana, iwo n'kupita kukhola.

Tsiku lina tikukumba kachewere, apongozi anaima chapatali monga mwa mwambo, nalankhula akuyang'ana kuphiri. Anati aganiza mokwanira. Anati mwina anali mantha chabe a mnyamata, ndipo aja anali madzi ochapira basi. Loweruka lotsatira, nditafunsa funso lija, liwu lawo la besi linamveka pansi pa mawu a ana. Ndinasangalala, chifukwa ndi zimene tinkafuna tonse. Koma panali kanyimbo kena ka chinenero chachilendo kamene ankakonda kung'ung'udza akamasema mipini, ndipo kuyambira masiku amenewo sindinakamvenso. Sindikudziwa ngati anakasiya dala. Amuna anga anawagulira malaya oyera ku Lizulu, ndipo apongozi anawasunga m'sutikesi osawavala.

Kutatsala pang'ono kuti mayeso achitike, abusa aja anasamutsidwira kudera la Kandeu. Kunabwera ena achinyamata, ongotuluka kumene kusukulu ya ubusa, oyenda pa njinga yamoto.

Tsiku la mayeso ine ndinakhala panja ndi ana amene ankadikira nthawi yawo. Apongozi analowa, ndipo anakhalitsa kuposa wina aliyense. Kenako mkulu wina anasuzumira pakhomo n'kundikodola. Nditalowa ndinagwada pafupi ndi chitseko. Zimene zinachitika ndisanalowe ndinazimva pambuyo pake. Apongozi anayankha bwinobwino kuti sanabatizidwepo. Mkulu uja wa kambale, pofuna kuwayamikira, anauza abusa atsopanowo kuti bambowa avutika zaka zambiri ndi nkhani ya mumgolo wa ku Joni, koma tsopano aitaya. Abusa anafunsa kuti mgolo wanji. Atamva, anayamba kufunsitsa: panali madzi? Anatchula dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera? Inu munkakhulupirira? Apongozi anavomera zonse, ati mayina atatuwo anawamva ngakhale anali m'chinenero china.

Pamenepo abusa anati munthuyu ndi wobatizidwa kale. Anati ubatizo ndi umodzi, mwini wake ndi Khristu, ndipo sudalira kuyera kwa manja a wothira madzi. Anati mpingo unayamba m'nyumba za anthu, m'ndende ndi m'misewu, usanakhale ndi makoma, ndipo kumubatizanso munthu wotere kuli ngati kunena kuti Mulungu sanaone zimene zinachitika kuseri kuja. Nawonso anatsegula Baibulo lomwelo n'kuwerenga ndime zawo, ndipo nazonso zinkagwirizana ndi zimene ankanena.

Akulu anagawikana. Ena anati abusa akale sakanalakwitsa, ena anati aliyense ali ndi sukulu yake. Apongozi ndiwo anapempha kuti andiitane.

"Mayi," anatero, osandiyang'ana, "munandiphunzitsa kuti ndiziti ayi. Ndavutika nazo mpaka ndavomera. Tsopano akuti ndiziti inde. Inu mukuti ndinene chiyani?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kukumbukira za nyumba ndi khomo, koma mawuwo sanabwere mwadongosolo lake. Ndinayesa za awiri kapena atatu, nazonso zinathawa. Ndinangoti, "Sindikudziwa, bambo." Abusa anandithandiza ponena kuti ine ndinaphunzitsa zimene ndinauzidwa.

Chimene palibe anachiyembekezera n'chakuti apongozi anakana kukondwera. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akulimbikira kuti anabatizidwa, tsopano ankafuna madzi. Anati iwo ubatizo wakale uja anautaya ndi pakamwa pawo, pamaso pa ana, ndipo chimene wataya sungakachitolenso chifukwa wina wanena. Anati ngati abusa awa adzasamukanso, obwerawo adzati chiyani? Kuli bwino awathire madzi anthu onse akuona, nkhani ithe. Abusa anakana mwaulemu. Anati akafunsa kwa akuluakulu awo, ndipo patapita masabata angapo anabwera ndi yankho lakuti bambowa alandiridwe pongovomereza chikhulupiriro chawo pamaso pa mpingo, popanda madzi.

Masabata amenewo kunyumba kunali kovuta. Apongozi ankadya pang'ono. Amayi, amene lilime lawo linali lolemera chifukwa cha matenda aja, ankangowauza kuti alandire chimene apatsidwa. Ine apongozi ndinkawazemba kuposa mmene mwambo umafunira.

Tsiku la ubatizo apongozi anavala malaya oyera aja. Anaima kumapeto kwa mzere, wamtali pakati pa ana. Abusa ankayenda ndi mbale ya madzi, mwana aliyense n'kugwada, madzi n'kutsikira m'khosi. Atafika pa apongozi anapereka mbale ija kwa mkulu wina, nawafunsa mafunso a chikhulupiriro. Anayankha onse osalakwitsa ngakhale limodzi, koyamba chiyambire. Kenako anagwada okha, ngakhale sanauzidwe, n'kuweramitsa mutu. Anakhala choncho. Abusa anadikira, kenako anawagwira dzanja n'kuwadzutsa, nauza mpingo kuti uwalandire mbale wawo. Amayi a m'tchalitchi analulutira. Ine ndinali kumbali ya amayiwo, ndipo sindinadziwe ngati ndilulutire nawo kapena ayi.

Tsiku lomwelo kunali Mgonero, ndipo sanatuluke. Analandira mkate ndi manja awiri.

Pobwerera ndinkayenda kumbuyo kwawo, patali pang'ono. Pa mlatho wamitengo anaima kuti ndiwapeze, chinthu chimene sanachitepo.

"Tsono zaka zonse zija ndinkakhala pansi pa mitengo," anatero, "ndinali kunja kapena ndinali m'kati?"

Ndinati malinga ndi abusa awa, anali m'kati.

"Nanga malinga ndi inu?"

Ndinati ine ndimangowerenga buku. Anagwedeza mutu, napitiriza ulendo. Madzulo ake anapinda malaya aja n'kuwabwezera m'sutikesi.

Kalasi yotsatira itayamba ndinapita kwa abusa kukafunsa kuti pa phunziro la mpingo ndiziti chiyani wina akadzafunsa ngati apongozi. Anati ndiziphunzitsa zimene zili m'buku. Ndinawauza kuti bukulo silinena za migolo. Anaseka, nati nkhani zotere zikabwera ndiziwatumizira iwo. Ndinaphunzitsabe chaka chimenecho ndi chinzake, koma ndikafika pa funso lakuti mpingo n'chiyani ndinkawerenga mofulumira, ndipo ndinkapewa kufunsa ngati pali amene sanamvetse.

Patapita nthawi ndinakumana ndi abusa akale aja pamaliro a mbale wathu kufupi ndi Kandeu. Anali atakalamba ndithu, akuyenda ndi ndodo. Anandizindikira, nandifunsa ngati bambo aja anabatizidwa. Ndinawafotokozera zonse mmene zinayendera, ndikuyembekezera kuti akwiya kapena andiuza kuti anzawo analakwitsa. Ndinkafuna ndithu kuti anene chinachake cholimba, choti ndigwire. Anayang'ana anthu amene ankabwera kuchokera kumanda. Kenako anati pa zaka zawo zonse za ubusa anabweza anthu angapo otere, ochokera kumigodi ndi kumafamu, ndipo ena anamwalira asanabwerere m'kalasi. Anati nthawi imeneyo ankaona kuti akusunga khola. Ndinawafunsa ngati tsopano akuona mosiyana. Anati masiku ena inde, masiku ena ayi. Asanapitirize, anthu anabwera kudzawatenga kuti akapemphere pa nyumba ya siwa, ndipo sitinaonanenso.

Apongozi akadali moyo, ngakhale chifuwa chikuwavuta ndipo kumunda anasiya. Amakhala pabenchi lakutsogolo ndi madoda anzawo. Mwana wanga wamkazi, amene analowa kalasi chaka chatha kwa mphunzitsi wina, anabwera tsiku lina n'kundiuza kuti agogo ake akumusokoneza. Ati Lolemba anamuuza kuti anabatizidwa ku Joni ali mnyamata, koma Lachinayi anamuuza kuti iye ndi wamwayi chifukwa adzathiridwa madzi, pamene iwo mpaka lero akudikirabe. Anandifunsa kuti zoona n'ziti. Ndinali ndikusenda kachewere, ndipo ndinamuuza kuti akafunse abusa. Anati anawafunsa kale, ndipo anamuuza kuti akafunse ine, popeza ndine ndinawaphunzitsa.